Mmene Apongozi Anamwetsera Pikapu Yanga

Iwe Twaibu, dzulo ndakumva pakhonde apa ukukangana ndi mnzako uja wa tindevu titatu. Nkhani yake akuti galimoto ya petulo ingakoke katundu wolemera kapena ayi. Iye akuti singathe, iwe ukuti ingathe, nonse awiri maso ali pafoni, ndipo palibe mmodzi wa inu amene anaikapo dzanja pa injini yotentha chibadwire. Ine ndinali m'katimu pakamwa pakundiyabwa, koma ndinati ndisakuchititse manyazi pamaso pa mlendo.

Tsopano mlendo wapita, bwerani kuno nonse. Shakira, siya mbalezo, sizithawa. Funso limenelo ine sindinalifunse pafoni. Ndinalifunsa mumsewu wa ku Chigaru mwezi wa Okutobala, ndipo linangotsala pang'ono kundithetsera banja. Likanatha banjalo nonsenu bwenzi kulibe, kupatula Twaibu yemweyu, poti bambo ake anali atabadwa kale, kakhanda ka m'chikuta.

Muyambe mwadziwa kuti ine ndinabadwa ndi matenda. Ndikaona chinthu chikuyenda chokha, mtima sukhala pansi mpaka nditaona m'kati mwake. Bambo anga anali telala pakhonde la sitolo pa Lirangwe, makina awo opalasa ndi phazi aja, osati anu amagetsiwa amene amasoka munthu akuodzera. Tsiku lina Lachisanu iwo akupita ku mzikiti ine ndinanamizira m'mimba, n'kutsala, n'kumasula makinawo ndi mpeni wa amayi. Ndimafuna ndione kuti ulusi wapansi umakumana bwanji ndi wapamwamba. Ndinaona ndithu. Koma pobwezera panatsala tizitsulo tiwiri topanda kwawo. Bambo anandikwapula ndi lamba wa makina omwewo, ine ndikulira choncho n'kumawafunsa kuti tizitsulo tija ntchito yake inali chiyani. Anangoponya lamba pansi n'kunena kuti, "Amidu, iwe udzafa ukufunsa."

Nditakula ndinapeza ntchito pa bwalo la ndege ku Chileka, yokweza ndi kutsitsa masutikesi. Inu mukaona Chileka ya lero mumayesa ndi mmene inalili kale. Masiku amenewo ndege zonse zazikulu zinkatera pamenepo. Lamulungu anthu ankachokera ku Ndirande, ku Chilomoni, atatchena ngati akupita ku ukwati, kudzangoonerera ndege ikutera, akatero n'kubwerera kwawo mtima uli mbee. Mzungu akatsika ndi tsitsi lofika m'mapewa ankametedwa pompo asanatuluke pachipata, ndipo ine ndinasesapo tsitsi lofiira ngati ndevu za chimanga. Ndikalandira tchuthi ndinkayenda wapansi kudulira m'midzi mpaka kwathu ku Lirangwe, nsapato zili m'manja kuti zisathe, buledi wa amayi ali kukhwapa. Iwe Yusufu ukuseka chiyani? Iwe amene umakwera kabaza popita pa golosale apa?

Anzanga ankakonda ndegezo. Ine ndinkakonda pikapu ina yoyera imene inkakoka ngolo za katundu kuchoka pa ndege. Nanga ndege akanandilola kuitsegula?

Kuseri kwa bwalo kunali galaja, ndipo m'menemo munali a Makwinja, Mlomwe wa ku Chiradzulu, makaniko wa chala chimodzi chodukira pakati. Nthawi ya nkhomaliro anzanga akakhala pansi pa mtengo ndi zigumu zawo, ine changa ndinkadyera chilili pambali pa a Makwinja, ndikuwapatsira masipanala. Iwo ndi amene anandionetsa kuti injini ya pikapu ija inali ya masilinda sikisi, kuti petulo sayaka yekha koma amadikira kamoto ka pulagi, komanso kuti madzi a m'rediyeta amazungulira kudutsa mu hedi, chivundikiro cholemera chija cha pamwamba pa injini.

"Ya dizilo imakoka ngati ng'ombe, pang'onopang'ono, osadandaula," ankatero. "Ya petulo nayo imakoka, asakunamize munthu, koma ili ndi mtima wapachala. Ukaisenzetsa imapsa mtima, imawira. Ikawira usachite phuma. Zimitsa, khala pansi, dikira mpaka dzanja lako likhale pa hedi osalichotsa. Ukaithira madzi ozizira isanapole, waipha."

"Imafa bwanji, a Makwinja?"

"Imangofa."

"Koma chimachitika n'chiyani m'katimo?"

"Iwe umafunsa ngati wapolisi. Tandipatsa sipanala ya teni."

Sanandiuze. Lamulolo ndinalisunga, koma funsolo linatsala likundikanda.

Agogo anu aakazi awa, amene akunamizira kusankha mpunga chonsecho makutu ali kuno, ndinawapeza pamsika wa Lirangwe akugulitsa nsomba zouma za amalume awo. Ndinagula usipa masabata anayi otsatizana, ine wosakonda usipa. Mukuti asanu, Asiyatu? Chabwino, asanu. Ashehe atatimangitsa ukwati tinakakhala ku Chileka m'kanyumba ka lendi, ndipo tinkakhala bwino, tiyi wamkaka m'mawa uliwonse. Kenako ndege zazikulu zinasamukira ku bwalo latsopano ku Lilongwe. Chileka inangoti zii. Ena anawatenga, enafe tinapatsidwa makalata. Katundu wakale anamuika pa okushoni, ndipo pikapu yoyera ija inali pamzere. Zonse zimene anandipatsa potsanzikana ndinakaziponya pamenepo. Anthu anati ndapenga, mwina analondola. Ndinakweza mkazi, mphasa ndi mapoto, ulendo wa ku Chigaru kwawo kwa mkazi, kukakhala mkamwini.

Apa ndikufotokozereni, poti inu ana a lero mumakhala pa sofa imodzi ndi apongozi anu n'kumalimbirana rimoti. Ife ayi. Apongozi anga aakazi, Abiti Mussa, ndinakhala nawo mudzi umodzi chaka chathunthu osalankhulana ngakhale liwu limodzi. Tinkaopana. Akamabwera m'njira ankatsokomola dala, ine n'kupatukira patchire mpaka adutse, kaya pali chitedze kaya minga. Akafuna kundipatsa thobwa ankaika chikho pachitsa n'kuchokapo, ine n'kudzatenga pambuyo. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Sichinali chidani ayi, unali ulemu, ndipo woswa mwambowo ankatchedwa wosaleredwa, manyazi ake n'kukafika kwa makolo ake. Kuwakwezera mawu apongozi ndiye musanene, bola kuvula pamsika.

Vuto langa linali Che Kassimu, mlongo wawo wa apongoziwo, mwini mbumba, uja wa nsomba zouma. Khasu ine silinandikonde. Mizere yanga inkayamba bwino n'kukathera m'munda mwa eni ake. Pikapu nayo inagwa m'nthawi yoipa. Nkhondo ya kutsidya kwa malire inatseka njira ya mafuta, munthu unkatha tsiku lonse pamzere ku Blantyre n'kubwerako ndi galoni imodzi. Ikapeza petulo inkagwira ntchito, musaipeputse. Inanyamula mbuzi, njerwa, odwala, maliro. Dzinja lina inazula m'matope lole yodzaza mabelo a thonje, dalaivala wake atataya kale mtima. Koma masiku oima anachuluka kuposa oyenda, mpaka nkhuku ya apongozi inaikira mazira pampando wa dalaivala.

"Mkamwini wa sipanala," ankatero Che Kassimu anthu akumva. "Kodi mwana wa mlongo wanga azidya utsi?"

Chaka chimenecho iwo anagula chigayo chakale pa esiteti ina kuseri kwa Chileka, injini ya dizilo ya chigudumu chachikulu pamodzi ndi mphero yake, zonse zitamangidwa pa ngolo yachitsulo. Mudzi wonse unakondwa, poti amayi ankasinja pamtondo mpaka zikhatho kuuma gwaa, apo ayi kusenza dengu mpaka ku Lirangwe. Tsiku lina anandiitana pamaso pa ankhoswe.

"Lole sindibwereka galimoto ili pakhomo," anatero. "Chigayo chija mukachifikitsa pano ndi chigalimoto chanucho, ndidzati tili ndi mkamwini. Chikakanika, mvula isanagwe mutenge mphasa yanu mubwerere kwanu. Mwana atsala, ndi wathu."

Ankhoswe anga anayang'ana pansi. Ndinapita pakhomo pa chikuta, poti mwamuna sunkalowa, n'kuwauza agogo anuwa ndili panja.

"Akakuthamangitsani ndikutsatirani," anatero iwo m'katimo.

"Ndi mwana wa eni ake?"

Tonse tinkadziwa kuti sizingatheke. Mantha ndinali nawo, ndisakunamizeni. Mkazi wanga ndinkamukonda zedi, ndipo kamwana kanga ndinali ndisanakanyamule n'komwe. Koma pansi pa manthawo panali kena kake kakundigwedeza: kodi ingakoke?

Nkhani inafika pa bawo pa Lirangwe, ndipo aliyense anasanduka makaniko. Wina akuti petulo ndi wopepuka ngati madzi, sangakoke chitsulo. Wina akuti masilinda sikisi ndi amuna sikisi, akoka. Mkulu wina wokonza njinga anandikokera pambali n'kundilangiza kuti ndithire dzira laliwisi m'rediyeta. Ndinamufunsa kuti dziralo likachita chiyani m'menemo, iye anati anangomva kwa mlamu wake. Dziralo ndinadya.

Ndinatha masiku awiri ndikuikonzekeretsa. Mapulagi ndinawatsuka n'kuwapala ndi waya. Mapointi, tizitsulo totumiza moto ku mapulagi, ndinawakwecha ndi m'mbali mwa bokosi la machesi. Thanki inali ndi kabowo, ndinamata ndi sopo wochapira mmene tinkachitira tonse. Geji yoonetsa kutentha inafa kalekale ili ku Chileka, ndiye geji inali mphuno yangayi. Kumbuyo ndinamangirira chigubu chachikulu cha madzi. Lero galimoto ikangoyatsa kanyali kofiira mumaimbira foni munthu wa kompyuta. Ife tinkangotchera khutu n'kununkhiza.

Tinanyamuka titangoswali m'mawa, ine ndi Che Kassimu. Titakoleka ngolo ija ku esiteti, matako a pikapu anatsika, mphuno n'kuloza kumwamba. Ndinaponya giya wani, kumasula kilatchi pang'onopang'ono. Inanjenjemera, inabuula, n'kusuntha. Ana inu, inakoka! Ndikanakhala mkazi ndikanaimba nthungululu.

Pa tala kukoka sikunavute. Chinavuta ndi kutsetsereka. Kulowera ku Lunzu ngolo inayamba kutikankha, mabuleki n'kumanunkha. Che Kassimu anagwira chitseko ndi manja awiri, akutchula dzina la Mulungu mowirikiza kuposa mmene ndinawamverapo ku mzikiti. Pa Lunzu anatiimitsa anyamata a makadi a chipani. Nthawi imeneyo wopanda khadi sunkalowa mumsika, sunkakwera basi. Tinaonetsa athu. Mmodzi anazungulira ngolo, n'kugogoda chigudumu chija. "Nanga agogo ali kumbuyo kunowa, khadi lawo lili kuti?" Tinaseka, poti masiku amenewo iwo akaseka nawenso unkaseka.

Pa Lirangwe tinasiya tala dzuwa lili paliwombo. Okutobala wa kuno mukumudziwa, nyenje zikulira, mbuzi zomwe zitabisala. Mumchenga galimoto imayenda pa giya wani, injini ikulira kwambiri koma mphepo yoiziziritsa palibe. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti chimene chimasautsa injini ya petulo si kulemera kokha, koma kulemera kophatikiza kuchedwa. Tisanapite patali ndinamva fungo la chitsulo chopsa, kenako nthunzi pa boneti. Ndinazimitsa.

"Thirani madzi tizipita!" anatero Che Kassimu.

"Ipole kaye, amalume."

"Madzi ali apo, moto uli apo. Mukudikira chiyani?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, amalume."

"Nkhonoyo ndi galimoto yanuyi."

Amalume unkatha kuwayankha, bola mwaulemu. Tinadikira pansi pa mlambe mpaka dzanja langa linakhala pa hedi, ndinathira madzi, tinapitirira. Inawiranso pa khwawa louma, tinadikiranso, ndipo pamenepo chigubu chinatha. Kachitatu inawira pa kachitunda komaliza, madenga a kwathu akuoneka, nyumba ya apongozi, imene inali yoyamba polowa m'mudzi, ili ngati pano ndi pa mjigo paja. Ndinaika miyala kumatayala, ndinatsegula pakamwa pa rediyeta ndi chiguduli, nthunzi inapita m'mwamba, m'kati n'kutsala mouma. Che Kassimu anatsika n'kulowera kudambo kumene anthu ankaumba njerwa, kukaitana odzakankha.

Ndinatsala ndekha, mtima uli m'malo ndithu. Inali itakoka ulendo wonse. Kungopola basi, ndowa imodzi ya madzi, tikanalowa m'mudzi ndikuliza hutala.

Ndiye ndinamva kutsokomola.

Miyendo inathawa yokha mutu usanaganize. Ndinapezeka ndili kuseri kwa chitsamba cha masawu, minga ili m'malaya. Posuzumira ndinaona Abiti Mussa atasenza mtsuko wawo, uja ankausunga pansi pa nkhokwe, wa madzi ozizira mpaka mano kuwawa, amene ankamwetsa alendo olemekezeka okha. Anali ataona nthunzi ali pakhomo. Ndinati mumtima, atula achokapo, monga amachitira ndi thobwa. Anatula ndithu. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anakunkhuniza mwala ndi phazi mpaka pa bampala, anakwerapo, anasuzumira m'injini nthawi yaitali, n'kunyamula mtsuko uja.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere. Nthawi inalipo. Mawu awiri okha, "Amayi, ayi!" akanakwanira. Pakamwa ndinatsegula. Koma mawu anga oyamba kwa apongozi chikwatirire akhale okuwa, ngati ndikuingitsa mbuzi m'dimba? Iwo atabwera kudzandithandiza, ndi madzi awo a alendo? Lilime linakana. Ndipo pali china chimene sindinawauzepo ngakhale agogo anu awa, lero amve. Pa kamphindi kameneko matenda anga aja anadzuka. Kamtima kena kanati, a Makwinja anakubisira, tsopano taona wekha.

Madzi analowa. Injini inachita tswiii, nthunzi n'kuwadutsa pambali pa nkhope. Kenako ndinamva kaphokoso kakang'ono, the! ngati munthu wathyola kamtengo kouma. Basi. Apongozi anatsika pamwala, anapukuta manja pa chitenje, anatsokomolanso kundidziwitsa kuti njira yayera, n'kumapita akuyenda monyadira.

Itapola ndinaliza. Inalira, koma mawuwo sanali ake. Kumbuyo kunatuluka utsi woyera wosatha. Inayenda kuchoka pano kufika pa mango apo, inabanika, n'kuzima. Nditasolola kachitsulo koyezera oyilo, oyiloyo anali atayera ngati tiyi wamkaka. Ndinakhala pansi pamchenga wotenthawo n'kulira misozi, ine bambo wa mwana.

Chigayo chinalowa m'mudzi ndi ng'ombe zinayi zobwereka. Zitatula, ng'ombe zomwezo zinabwerera kudzakoka pikapu, ine ndili pa chiwongolero, mudzi wonse uli m'mbali mwa njira. Che Kassimu sanakalipe. Anangoti, "Ndinanena ine. Petulo ndi wa magalimoto a mabwana opita ku ofesi. Lachisanu tikachoka ku mzikiti tikhale pansi." Mkazi wanga atandifunsa ndinati inangotentha. Ndikanati chiyani? Kuti amayi ako andiphera galimoto? Mkamwini woneneza apongozi pa mlandu, ngakhale awine, m'mudzimo sangakhalemonso.

Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti mlandu usanakambidwe abwere a Makwinja adzaitsegule. Anthu ankayesa ndikufuna umboni. Ine ndimangofuna kuona. Banja ndinali nditalitaya kale m'maganizo, ndiye ndinati bola ndichoke ndikudziwa.

Anafika Lachinayi pa njinga yakapalasa, masipanala atawakulunga m'chiguduli pa kaliyala. Tinagwira ntchito pansi pa mango, amuna a m'mudzi atatizungulira, Che Kassimu ali pa mpando wawo wandalema. Titamasula mabawuti tinanyamula hedi awiri n'kuigoneka chagada pa thumba. A Makwinja anapukuta mwaye ndi chala chawo chodukacho, anaweramira, ndipo ine ndinauona: mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, kuchoka pa kabowo ka madzi kukafika pa valavu.

"Injini iyi sinatope ayi!" anakuwa a Makwinja. Munthu uja analibe mawu apansi. "Mapisitoni ali bwinobwino, ikanakoka zigayo ziwiri. Iyi yaphedwa! Chitsiru chimene chathira madzi ozizira isanapole ndani?"

Nyumba ya apongozi inali pomwepo, ndipo mpanda waudzu suletsa mawu.

"Ndine, a Makwinja," ndinatero.

"Iwe? Amidu? Zaka zonse zija ndimalankhula ndi chitsa?" Analavula pafupi ndi phazi langa. Che Kassimu anaomba m'manja kamodzi, kusonyeza kuti mlandu wadzigamula wokha.

Pamenepo chitseko cha mpanda chinatseguka, popanda kutsokomola. Abiti Mussa anatuluka n'kulunjika pakati pa amuna. Ine ndinadzuka kuti ndithawe.

"Khalani pansi," anatero. Ankanena ine, maso awo ali pa ine. Ndinakhala.

"Munandiona ndikuthira?"

"Ndinakuonani, amayi."

"Mumadziwa kuti ifa?"

"Ndinauzidwa, amayi."

"Nanga m'kamwamo munali chiyani?"

Iwo anagwada pambali pa hedi ija. "Bambo amakaniko, tandionetsani pamene ndaswa." A Makwinja, chipewa chili m'manja tsopano, analoza. Apongozi anayendetsa chikhadabo pamng'alupo kuchoka uku kufika uko.

"Kameneka basi? Ngati galasi la nyali likadontheredwa madzi?"

A Makwinja anayang'ana ine, n'kuyang'ana iwo. "Ndendende, mayi. Chitsulo chikatentha chimafutukuka. Mbali imodzi ikazizira mwadzidzidzi imakhwinyata inzake isanakhwinyate, ndiye zimakokana mpaka kung'ambika."

Taonani zimenezo! Ine ndinapempha yankho limenelo zaka ndi zaka, apongozi anga analilandira ulendo umodzi.

"Achimwene," anatero Abiti Mussa osadzuka, "galimoto iyi inafika. Chitunda chija ikanakwera, mwamva nokha. Waipha ndine, ndi mtsuko wanga. Ngati pali wonyamula mphasa, ndiyambe ine."

"Chemwali, izi ndi za amuna. Ndiponso munthuyu tsopano galimoto alibe, khasu salidziwa."

"Chigayo chanucho chikadzazima adzachitsegula ndani? Inu? Mwana wanga sasiyidwa ukwati chifukwa cha madzi anga. Mkamwini uyu ndi wopusa, zoona. Analekerera chuma chake chife poopa kundichititsa manyazi, lero wadzinamiziranso pamaso pa anthu. Wopusa wotereyu mukampitikitsa, mukandipezera wina kuti?"

Che Kassimu anapinda mpando wawo n'kumapita. Mwini mbumba ndi mwamuna, inde, koma mbumbayo ikakana iye amatsala ndi mpando basi. Mlandu wa Lachisanu sunakhalepo. Chigayo chija ndinachiyendetsa ine mpaka ana athu onse anabadwa, ndipo hedi ina tinadzaipeza ku Ndirande pa mulu wa zitsulo, mvula ziwiri zitadutsa.

Koma tsiku lijalo, amuna atabalalika, a Makwinja atapita kukasamba m'manja, apongozi sanachoke. Anakhala pa thumba paja, ine kuno, hedi ili pakati pathu. Sindinkadziwa poika maso.

"Che Amidu," anatero chapansipansi. Kanali koyamba kumva dzina langa m'kamwa mwawo. "Kuseri kwa masawu kuja, unali ulemu wokhawokha?"

"Amayi..."

"Musayankhe. Inenso mtsuko uja ndikanatha kuusiya pansi n'kuchokapo, mwambo ndikuudziwa. Koma chaka chonsechi ndakhala ndikukuonerani pa kampata ka mpanda, m'mawa uliwonse mukuthira madzi pakamwa paja, ndipo sindinawaonepo akutuluka. Kodi amapita kuti?"

Ndinakoka hedi ija, ndinaitembenuza, ndinatola kaudzu n'kukalowetsa pa kabowo koyamba.

"Amalowera apa, amayi," ndinatero.

Iwo anasendera pafupi.